Lamba wa Kompresa

Mng'ono wanga atapeza golide wake woyamba wooneka ndi maso, sanagule ng'ombe ndipo sanagule malata. Anapita ku Tete n'kubwerako ndi galimoto yakuda, yaifupi msinkhu, yamimba yotsala pang'ono kukhudza pansi, yopangidwira misewu ya phula ya anthu ena. Kwathu kuno, m'mbali mwa msewu wochokera ku Fingoe kupita ku Malowera, ngakhale njinga yakapalasa imachita kusankha poponda. Galimotoyo inafika pamudzi itavala fumbi mpaka pamagalasi, mwini wake chigongono chili pawindo. Mayi athu anaiyang'ana kamodzi n'kufunsa ngati ingathe kunyamula matumba a chimanga. Atamva kuti ayi, anabwerera kukasenda mtedza wawo.

Ine ndine mkulu wake, ndiponso ndine makanika wa dera lino. Ntchitoyi ndinaiphunzirira ku Zambia, kumene makolo athu anathawira nkhondo, pachigayo cha munthu wina amene ankakalipa kuposa injini yake. N'chifukwa chake ine ndimati injini pamene anzanga kuno amati motoro, ndimati lamba pamene iwo amati koreya, ndimati galimoto pamene iwo amati karo. Tinabwerera kwathu mng'ono wangayo ali kumsana kwa mayi. Zigayo za kuno, njinga zamoto, mapampu a kumigodi, zonse zinadutsapo m'manja mwanga. Ndiye galimoto ija itaima pansi pa mtengo wa masau, ndinapukuta manja pathalauza n'kupita kukatsegula kutsogolo kwake, monga mwini ntchito.

"Achimwene, pepani," anatero iye, akuchotsa dzanja langa pachitsulo mwaulemu wake wonse. "Si chigayo ichi. Iyi ndi kompresa."

Amene analipo anaseka. Inenso ndinaseka nawo, kuseka kwa mano okha. Anatsegula yekha, ife titaima chapatali manja kumbuyo, ndipo zimene ndinaphunzira tsiku limenelo ndinachita kuba ndi maso. Pamwamba pa injini panali chitsulo chotuwa, chachitali ngati mtondo wogoneka. Ntchito yake ndi ya mvukuto wa osula makasu. Injini wamba imapuma yokha, koma iyi imachita kukankhiridwa mpweya, ndipo mpweya ukachuluka petulo amapsa wambiri, mphamvu n'kuchuluka. Chitsulocho chinali ndi lamba wakewake, wophwatalala, wa timizere kunsi kwake, wosiyana ndi lamba wina amene amayendetsa pampu ya madzi ndi chotchajira batire. Akaponda moto, chinkaimba mluzu wautali umene unkamveka mpaka kumjigo. Ndisaname, ndinaukonda mluzu umenewo. Ndinkangodana ndi woimbitsayo.

Koma mawu akuti kompresa kwathu kuno anali ndi mwini wake kale. Kompresa ndi chimakina chimene chimaima pakamwa pa mgodi, n'kumapopera mpweya m'paipi kuti chobowolera miyala chigwire ntchito pansi. Aliyense amachidziwa, ngakhale amayi ogulitsa zitumbuwa kumigodi. Mng'ono wanga ndi anzake atatu anali nacho chawo, ndipo ndi chimene chinamufikitsa pa golide uja. Choncho atayamba kutchula galimoto yake kuti kompresa, anthu ankamuseka kuti wagula yachiwiri yoti azibowolera msewu.

Patapita miyezi iwiri ndinayamba kumva kulira kwina pansi pa mluzu uja, kulira kouma, kwa chitsulo chosowa girisi. Khutu langa pa zimenezi silinama. Kanali kagudumu kamene kamakunga lamba, fumbi litalowa m'kati mwake. Kagudumu kotere kakauma kamagwira, ndipo kakagwira lamba amatentha mpaka kuduka. Ndinameza mkwiyo wanga n'kumuuza tsiku lina tikuchokera kutchalitchi.

"Mphwanga, kagudumu kako kakulira. Komanso sefa ya mpweya uzikung'untha sabata iliyonse. Fumbi la kuno si la ku Tete."

"Kumeneko ndi kuimba kwa kompresa, achimwene," anayankha. "Makutu anu anazolowera zigayo."

Tsiku lomwelo ndinalumbira mumtima kuti pa za galimoto yake sindidzatsegulanso pakamwa. Tinkadyera limodzi, tinkakambirana za mvula ndi za mbuzi za mayi, koma tikayandikira mtengo wa masau nkhani inkatha yokha. Lamba uja anaduka ine ndili ku Chipera, kumene ndinakhala masiku atatu ndikulimbana ndi chigayo china. Pobwera ndinapeza galimoto itafunda lona pansi pa mtengo wake, ndipo anthu anandiuza kuti koreya yaduka. Ndinakondwa. Ndikulemba poyera kuti ndinakondwa, mpaka ndinadya bwino tsiku limenelo. Sindinafunse kuti wadukira pati, kapena kuti galimoto yafika bwanji pakhomo. M'mutu mwanga ndinali nditaona kale ng'ombe ziwiri zikuikoka, mwini wake akutsatira pambuyo atazyolika, ndipo chithunzi chimenecho chinkandikoma moti sindinafune kuti wina andiwonongere.

Galimoto inakhala pamenepo masabata atatu. Iye ankati adzagula yekha lamba akadzapitanso ku Tete, ndipo anabwerera kumgodi kukafuna mwayi wina.

Linali Lolemba masana, m'nyengo yotentha ija mvula isanagwe, pamene mgodi unamugumukira. Anzake anamufukula ndi manja n'kumunyamula pachitseko mpaka kukachipatala kathu ka zipinda ziwiri. Ine ndinafika ndili ndi sipanala m'manja, sindikudziwa kuti ndinainyamuliranji. Mwendo wake wamanzere, kuyambira m'munsi mwa bondo, sunalinso ndi maonekedwe a mwendo. Alamu anga, akazi ake, anali atakhala pansi kumutu kwake akumupukuta dothi kumaso ndi nsonga ya chitenje. Anamwino athu ndi mayi wachikulire wosadziwa kukometsa mawu. Atamanga chimene akanatha kumanga, anandikokera panja.

"Bambo, mwendo uwu ine sindingauthe. Ngakhale ku Fingoe akangomutumiza ku Tete. Magazi akufika kuphazi, koma pang'ono, ndipo m'bala muli dothi lomwe sindingalifikire. Mawa dzuwa likamalowa akhale ali m'manja mwa madokotala. Kupitirira pamenepo musadzandifunse."

Anali ataimba kale foni. Ambulansi inali itapita ku Tete m'mawa womwewo ndi amayi awiri ovutika pobereka, ndipo panalibe wodziwa tsiku lobwerera. Lole imene imadutsa kwathu kamodzi pasabata inali itadutsa dzulo lake. Ndinathamangira kwa wamalonda amene ali ndi kalole kake, n'kupeza kuti anapita ndi mbuzi cha kumalire a Zambia. Ndinatchula ngolo, anamwino anapukusa mutu, anati kugwedezeka kwa tsiku lonse padzuwa kumasula zonse zimene amanga, ndipo adzathera magazi panjira. Za njinga yamoto anakaniratu. M'dera lonse, chinthu cha magudumu anayi chimene chinatsala chinali chimodzi, chofunda lona pansi pa masau.

Ndinalowanso m'chipinda. Mng'ono wanga anali maso, akutuluka thukuta, mano atakukuta. Kiyi wa galimoto ankamumangirira pachingwe m'khosi, ngakhale polowa m'mgodi, ndipo palibe anamugwirapo, ngakhale akazi ake. Atandiona anavula chingwecho movutikira, n'kuika kiyi m'dzanja langa, n'kupinda zala zanga pamwamba pake.

"Achimwene, karo ija..."

"Khala chete. Ndikudziwa."

"Ayi, tamverani, koreya ija..."

"Ndati ndikudziwa! Waduka. Ndiitanitsa wina. Usawononge mphamvu."

Ndinkaganiza kuti akufuna kuyamba malangizo ake aja, oti ichi musakhudze, apa musatsegule, si chigayo. Ndinalibe mtima womva zimenezo kwa munthu wogona pamagazi ake. Anatsegulanso pakamwa, koma ululu unamupotokola, anamwino anabwera ndi jakisoni, ndipo ine ndinali nditatuluka kale.

Foni kwathu imagwira pachulu chimodzi, kuseri kwa sukulu. Ndinakwera pamenepo n'kuimbira msuweni wathu amene amagulitsa kaunjika pamsika ku Tete. Mawu ankadukaduka. Ndinamuuza kuti mgodi wagumuka, m'bale wathu wavulala kwambiri, ndipo zonse zikudikira chinthu chimodzi.

"Ndikufuna lamba. Koreya! Koreya ya kompresa yake. Upeze wa njinga yamoto abwere nayo kuno msanga."

"Kompresa yomwe ija?" anafunsa.

"Yomwe ija! Ukufuna ndikujambulire?"

Foni inaduka pomwepo. Ndinayesanso kangapo, osatheka, koma sindinade nkhawa. Ndinali nditanena chimene ndimafuna, ndipo iye anali atamva. Masitolo anali atatseka kale, choncho ndinawerengera kuti agula m'mawa, wa njinga anyamuka, ndipo Lachiwiri madzulo lamba akhala ali m'manja mwanga. Tikanachedwa pang'ono pa nthawi ya anamwino, koma pang'ono pokha.

Lachiwiri ndinavundukula lona kukungocha. Aka kanali koyamba kuti ndigwire injini ya galimoto ija ndi manja anga. Kagudumu kaja ndinakapeza katagwiradi, kosatembenuka ngakhale ndi sipanala. Likanakhala tsiku lina, ndikanaitana mudzi wonse kuti udzaone kuti ndinanena zoona. Ndinakagulula, n'kuchotsa za m'kati zimene zinapsa, n'kuikamo zina zochokera pa pampu yakale ya kumgodi zimene mwamwayi zinalowa. Sefa ya mpweya inali italemera ngati njerwa. Ndinaikung'untha pamtengo mpaka fumbi linandiyetsemulitsa, kenako ndinaipopera ndi pampu ya njinga. Ndinayang'ana oilo, ndinathira madzi. Batire ndinainyamula pamutu kukaitchaja pa sola ya aphunzitsi. Petulo wa m'mabotolo ndinamugula yense amene analipo pamsika, n'kumusefa pansalu kawiri, chifukwa injini zoterezi sizigwirizana ndi zinyalala. Dzuwa lisanafike paliwombo zonse zinali zitatha, kupatula chimodzi.

Kiyi anali m'thumba mwanga tsiku lonse, ndipo sindinamulowetse pamalo pake. Anthu andifunsapo chifukwa chake, ndipo yankho ndili nalo, kungoti silinditonthoza. Ndinayang'ana njira ya mpweya n'kuona kuti wonse umadutsa m'chitsulo chotuwa chija usanalowe mu injini. Ndiye ndinati, chitsulocho chikakhala chosazungulira, injini ipumira pati? Ndinaopa kuti ndikaiumiriza itsamwa, kapena ithyola china m'kati, ndipo lamba akadzafika adzapeza mtembo. Ndinaopa kutha batire. Koma pansi pa zonsezi panali chinthu chimodzi chimene ndinachidziwa kuyambira ndili mnyamata ku Zambia, chimene sindinachikayikirepo: lamba akaduka, chigayo sichigaya. Umazimitsa, n'kuuza amayi kuti abwere mawa. Paja amati Ndikudziwa-kale anamanga nyumba yopanda khomo, ndipo ine ndinamanga yanga tsiku limenelo.

Masana ndinayamba kupenga. Ndinadula tayala lakale la njinga yamoto kuti ndipange lamba wanga, koma anali wokhuthala ndipo ankadumpha ndikangozungulitsa ndi dzanja. Ndinayesa chikopa cha ng'ombe, n'kuchisoka ndi waya, chinangotamuka. Ndinayesa chingwe cha nayiloni chopota katatu. Pakati pa zonsezi ndinkathamangira kumsewu ndikangomva kulira kwa njinga yamoto, ndipo nthawi iliyonse anali munthu wina wopita kwina. Pachulu ndinakwerapo kasanu. Kamodzi kokha foni inagwira, ndipo msuweni anati wagula, wa njinga wanyamuka masana chifukwa anavuta kupezeka. Ndinamukalipira chifukwa cha kuchedwa. Sindinamufunse kuti chimene wagula chikuoneka bwanji.

Dzuwa limene anamwino ananena lija ndinaliona likulowa ndili chiimire pamsewu. Nditapita kuchipatala ndinamva fungo ndisanalowe pakhomo. Zala za kuphazi zinali zitayamba kuda. Thupi lake linali moto, ndipo ankalankhula ndi anthu amene kunalibe, ankaitana anzake kuti akoke chingwe. Sanandizindikire. Mayi anali atakhala pakhonde miyendo atatambasula, ndipo anangondiyang'ana m'manja. Ndinapemphera tsiku limenelo pemphero lopanda ulemu. Ndinauza Mulungu kuti ngati akufuna kulanga kunyada, onyada tilipo awiri, ndipo wamkulu ndine.

Wa njinga uja anagona ku Fingoe, n'kufika kwathu Lachitatu m'mawa, dzuwa litangokwera pang'ono. Ndinamulanda phukusi asanazimitse njinga. Ndinang'amba pepala ndi mano. M'katimo munali lamba wakuda, wonenepa, wa msana umodzi wosongoka, wautali woti n'kumangira mbuzi. Ndinamudziwa nthawi yomweyo, chifukwa ndinali nditaikapo wotere kangapo. Anali lamba wa kompresa ya kumgodi.

Msuweni sanalakwe. Iye ndi amene anawathandiza anyamata aja kugula chimakina chija ku Tete, ndipo kukula kwa lamba wake ankakudziwa pamtima. Anamva kuti mgodi wagumuka, anamva kuti kompresa, ndipo anaganiza kuti tikufuna kudzutsa makina kuti tifukule ena otsala pansi. Anandifunsa ngati ndi yomwe ija, ine n'kuvomera mokalipa. Mawu akuti galimoto sanatuluke pakamwa panga ngakhale kamodzi. Ndinali nditatengera kalankhulidwe ka mng'ono wanga, kamene ndinkakanyoza.

Ndinayesabe kumuika. Ndinkadziwa kuti sangalowe, koma ndinayesa, kumupinda, kumukanikiza pa timizere tosamuyenera, mpaka chala chinang'ambika. Kenako ndinamuponya kutali, n'kukhala pansi m'fumbi, msana nditatsamira gudumu, n'kulira mokweza ngati mwana. Kuitanitsanso wina kunali masiku ena awiri, ndipo masiku awiri sanalinso nkhani ya mwendo. Anali nkhani ya maliro.

Pamenepo ndi pamene alamu anatulukira, akuchokera kuchipatala ndi beseni la nsalu zoti akachape. Masiku awiri onsewo anali asanachoke pambali pa amuna awo. Anaima, n'kuyang'ana lamba ali m'fumbi, n'kuyang'ana ine.

"Alamu, si imeneyi?"

"Si imeneyi."

Anatula beseni pansi. Analankhula motsitsa mawu, monga amachitira munthu amene akuopa kulowerera za amuna.

"Pepani, ine za motoro sindidziwa. Koma kodi popanda koreya karoyi singayendeko ngakhale pang'onopang'ono, monga inayendera tsiku lija?"

"Tsiku liti?"

"Tsiku inaduka lija. Tinali limodzi, tikuchokera ku Malowera. Inangoti phwa, mluzu uja n'kusiya. Ang'ono anu anatsegula, anachotsa zidutswa n'kutaya kutchire, tinakweranso. Inkayenda ngati yatopa, pachitunda inkachita kukwawa, koma inatifikitsa pano."

"Sinakokedwe ndi ng'ombe?"

"Ng'ombe za yani, alamu? Ine ndimayesa mukudziwa. Ndimayesa pali china chimene chawonongeka."

Sindikumbukira kuti ndinadzuka bwanji. Ndikukumbukira kuti mpando unali wotentha, ndipo kiyi anakana kulowa kawiri. Nditapotokola, injini inatsokomola kamodzi n'kudzuka. Inalira bwinobwino, mofatsa, popanda mluzu. Pambuyo pake, ku Tete, makanika wina anandionetsa kanjira kapambali kamene mpweya umalambalalira chitsulo chija, n'kundiuza kuti ngakhale za m'kati mwake zimatembenuka zokha injini ikamakoka mpweya. Pa injini ya mtundu umenewu, pamene kompresa ili ndi lamba wakewake, galimoto imangotaya mphamvu koma imayenda. Kanjirako ndinali nditakaona Lachiwiri. Ndinakapukuta fumbi ndi nsanza yanga, osadzifunsa kuti n'kachiyani.

Tinamugoneka kumpando wakumbuyo, mwendo titaumangirira pathabwa, alamu atanyamula mutu wake pamiyendo. Anamwino anapachika botolo la madzi a m'mitsempha pachogwirira cha pamwamba pa chitseko n'kuwaonetsa alamu potsekera. Anzake awiri a kumgodi anatitsatira pa njinga yamoto ija. Galimotoyo ndi yosintha magiya yokha, ili ndi zopondera ziwiri basi, ndipo phazi langa lamanzere linkangoponda pansi pachabe kufunafuna chachitatu.

Ulendo umenewo sindiufunira munthu. Pamalo osalala inkayenda ndithu. Pachitunda chilichonse inkafooka, ine nditaponda mpaka pansi, ndipo anyamata aja ankatsika n'kukankha, fumbi lili m'kamwa. Mimba yake inkakhula miyala, ndipo kukhula kulikonse ndinkakumva m'mano, ndikudikira kuti oilo atayike. M'mitsinje youma tinkayala nthambi pamchenga. Kawiri ndinaima kuti ndikung'unthe sefa, chifukwa injini yopuma yokha sifuna chotchinga china pamphuno. Kumbuyo mng'ono wanga ankabuula pa bampu iliyonse, ndipo ndinkadana nako kubuulako mpaka pamene anasiya. Atasiya ndinayamba kufunsa alamu mphindi iliyonse ngati akupuma. Iwo ankangoti, "Yendetsani, alamu."

Titafika pa phula ndinalira kachiwiri, koma osaima. Tinawoloka Zambezi dzuwa likulowa, tsiku lathunthu kupitirira pa nthawi imene anamwino ananena. Msuweni anali akutidikira pachipata cha chipatala, ndipo ndiye ankandimasulira, poti Chipwitikizi changa n'cha pamsika. Dokotala anavundukula nsalu, anayang'ana, n'kufunsa kuti ngoziyo inachitika liti. Nditati Lolemba masana, anawerenga zala zake, n'kufunsa kuti tinali kuti masiku onsewa. Msuweni anandiyang'ana kuti ndiyankhe. Ndinati tinalibe galimoto.

Mwendowo anaudula m'mawa mwake, pamwamba pa bondo. Anati moyo wapulumuka, ndipo tithokoze. Ndinafuna kufunsa ngati ukanapulumuka mwendowo tikanafika Lachiwiri m'mawa, monga tikanafikira ndikanangopotokola kiyi Lolemba lomwelo. Funsolo linafika pakamwa, koma ndinaopa kuti andiyankha.

Masabata amene anagona m'chipatala ine ndinalibe chochita, ndiye ndinayendayenda m'magalaja. Lamba woyenera ndinamupeza tsiku lachiwiri lokha, pasitolo ina yaing'ono, nditanena kuti ndi wa galimoto n'kuonetsa chingwe chimene ndinayezera. Anali wopepuka, woti n'kulowa m'thumba la malaya. Kumuika kunanditengera nthawi yochepa kuposa yomwera tiyi. Makanika uja anandiphunzitsanso kuti chitsulo chija chili ndi oilo wakewake kumphuno kwake, amene amafunika kusintha, ndipo ndinasintha. Pobwerera kwathu galimoto inkaimba mluzu wake pachitunda chilichonse, mwini wake atakhala pambali panga, thalauza lamanzere litapindidwa n'kumangidwa ndi pini. 

Papita zaka ziwiri tsopano. Kumgodi sangalowenso, ndipo gawo lake la chimakina chija anasiyira anzake. Masiku ambiri amakhala pagalaja panga pamthunzi, ndodo zake atatsamiritsa pakhoma, akumata machubu a njinga n'kumanditsutsa pa chilichonse. Galimoto ilipobe. Amaiyendetsa yekha, kunyamula odwala ndi amayi oyembekezera kupita nawo ku Fingoe, ndipo amauza anthu kuti anaigula akudziwa, poti imafuna mwendo umodzi basi. Anthu amaseka. Sefa amakung'untha Loweruka lililonse popanda womuuza. Lamba wa kumgodi uja ndinakamutola m'fumbi, ali pamsomali m'galaja, ndipo anthu awiri afunapo kumugula koma ndinakana.

Alamu sanauze munthu za m'mawa wa Lachitatu uja, ndipo pamudzi nkhani imene imadziwika ndi yoti msuweni anatumiza koreya yolakwika. Msuweniyo amavomera mlanduwo mpaka lero, ndipo ine ndimamusiya. Koma funso limodzi linkandidya, ndipo mwezi wathawu, tili awiriwiri pagalaja masana, ndinalephera kulisunga.

"Mphwanga, tsiku lija kuchipatala, pamene unkati karo ija, koreya ija. Unkafuna kundiuza chiyani?"

Sanadzutse mutu. Anapitiriza kupala chubu ndi kachitsulo kake, n'kupemerera, n'kupakapo guluu ndi chala. Ndinaganiza kuti sanamve.

"Ndinkafuna kukuuzani kuti musaikhudze, achimwene," anatero pomaliza. "Si chigayo chija."

Anandiyang'ana n'kuseka, ndipo ine ndinaseka naye, chifukwa ndi zimene ankafuna. Kenako ndinapita kuseri kwa galaja ngati ndikukafuna sipanala, n'kukhala kumeneko nthawi yaitali. Kiyi uja sindinachite kumulanda. Anachita kumuvula yekha m'khosi, n'kumuika m'dzanja langa, n'kupinda zala zanga pamwamba pake.